MUTU UMENE NDINKAUDUMPHA

M'kabati ya m'nyumba mwanga kuno kwa Nselema muli buku lakale la Physical Science limene ndidaphunzitsira ana kwa zaka zoposa 20. Chikuto chake chidathothoka kalekale, ndipo masamba ake adada ndi thukuta la m'manja ndi fumbi la choko. Komatu mukalitsegula chapakati mupeza masamba angapo oyera mbee, ngati kuti bukulo lachoka m'sitolo dzulo lomweli. Masamba amenewo ndi a mutu umene m'Chingerezi amautcha "mole". Mutu umenewu ndinkaudumpha chaka ndi chaka, ndipo palibe mkulu wa sukulu kapena woyendera sukulu amene adandigwirapo. Amene adadzandigwira ndi mwana wa mlongo wanga, ine nditapuma kale pantchito, ndipo iyeyo sadadziwe n'komwe kuti wagwira munthu.

Ndiyambe ndafotokoza m'mene ndidapezekera patsogolo pa kalasi ya sayansi. Uphunzitsi umene ine ndidauphunzira ndi wa kupulayimale. Ndidakhala zaka ziwiri kukoleji ya aphunzitsi, ndipo ndidatulukako ndi satifiketi ya T2, nditakonzeka kuphunzitsa chilichonse kuyambira masamu a Sitandade 1 mpaka nyimbo ndi ulimi. Koma masiku amenewo malo a kusekondale adali ochepa zedi, motero ana ambiri amene sadasankhidwe ankalowa m'sukulu zija anthu ankazitcha ma-MCDE, ndipo aphunzitsi ake ambiri tidali ochokera kupulayimale. Tsiku lina ndidalandira kalata yonditumiza kusukulu ina yotereyi. Nditafika adandifunsa ngati ndidakhoza masamu pa mayeso anga a Fomu 4. Nditavomera adandipatsa buku lija nati, "Basi, sayansinso ndi yanu." Sukulu zimenezi zitasanduka ma-CDSS chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, dzina lidasintha, koma ine ndidatsala yemweyo ndi buku lomwelo.

Chipinda choyeseramo zinthu tidalibe. Zimene zinkatheka kuonetsa ndi maso ndinkazionetsa mosanyinyirika: kututula mwala waukulu ndi mpini wa khasu, dzimbiri la misomali ya m'botolo la madzi, magetsi a mabatire a tochi. Ana ankasangalala, inenso ndinkadzimva kuti ndine mphunzitsi. Koma tikayandikira masamba aja mtima unkandigunda. Ndinkawawerenga usiku pa nyali ya koloboyi, kubwereza kawiri katatu, osatolapo kanthu. Manambala adalipo, malamulo owerengera adalipo, koma chinthu chimene chikuwerengedwacho sindinkachiona. Woti ndimufunse ndidalibe pafupi, ndipo kunena zoona ngakhale akadakhalapo sindikadafunsa, pakuti mphunzitsi wa masiku amenewo ankaopa mawu akuti "sindidziwa" kuposa m'mene ankaopera njoka. Tsono m'mawa mwake ndinkalowa m'kalasi ndi kunena kuti, "Mutu uwu ndi wautali, tidzaubwerera." Teremu inkatha tisadaubwerere. Mayeso akayandikira ndinkalemba pabolodi malamulo awiri kapena atatu kuti ana aloweze, uku ndikudzitonthoza kuti funso limodzi silingamugwetse mwana amene wakonzekera bwino mitu ina.

Mnyamata wina wanthabwala adakafufuza liwulo m'dikishonale napeza kuti limatanthauzanso mfuko. Kuyambira pamenepo ana ankati mutuwo ndi mfuko ndithu, chifukwa umangoonetsa mphuno kamodzi pachaka n'kulowanso pansi. Ndidaseka nawo. Mnyamata ameneyu mumusunge, chifukwa abweranso m'nkhani ino.

Mwana wa mlongo wanga wamng'ono ndi mtsikana wofatsa, wokonda buku. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako, ndipo sukulu yake ili pamutu pa malume. Choncho kuyambira Sitandade 1 ndine ndinkaona makope ake. Atakhoza bwino mayeso a Fomu 4 adasankhidwa kukaphunzira za mankhwala, zimene amati famase, ku Kamuzu University of Health Sciences. Mudzi wonse udasangalala, ngakhale kuti ambiri sankadziwa bwino chimene akukaphunziracho. Gogo wina adafunsa ngati pafunikadi yunivesite kuti munthu adziwe kuwerenga mapiritsi ndi kuwaika m'kapepala, poti ndi zokhazo zimene timaona pazenera la kuchipatala. Sindidawadzudzule agogowo, chifukwa maphunzirowa ndi achilendo ndithu m'dziko muno. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, koma digiri ya famase idayamba kuphunzitsidwa kumeneko mu 2006. M'mbuyo monsemo Mmalawi wofuna digiri imeneyi ankayenera kupita kunja. Mu 2021 kolejiyi idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing, ndiko kubadwa kwa yunivesite imene mtsikanayu adapitako. Mayi ake adagulitsa mbuzi ziwiri ndi nandolo wa chaka chonse, ine ndidaonjezerapo za penshoni, ndipo tidamuperekeza kumsewu kukakwera minibasi ya ku Liwonde.

Mauthenga ake oyamba adali odandaula. Iye ankayembekeza kuti akangofika adzavala khoti loyera ndi kuyamba kudziwa maina a mankhwala. M'malo mwake adapeza kuti chaka choyamba ndi cha maziko: Masamu, Fizikisi, Kemisitili ndi Bayoloje, ndipo ankaphunzirira limodzi ndi anzake ofuna udokotala ndi ntchito zina za chipatala. "Amalume, ndabwerera ku Fomu 4," adatero. "Mankhwala sindidawaonebe ngakhale botolo limodzi." Ndidamuyankha monga amayankhira aphunzitsi onse, kuti m'mera mpoyamba. Koma ndivomere kuti mumtima ndinkagwirizana naye, poti nanenso sindinkaona njira yochokera pa masamu kukafika pazenera lija.

Patapita miyezi, usiku wina foni idalira. Mawu ake adali otsika. Adalephera Kemisitili, ndipo adapatsidwa mwayi wolembanso tchuthi chikamatha. Akadzalepheranso ndiye kuti chaka chatayika, mwinanso malo amene. Ndidakumbuka mbuzi zija. Nditamufunsa chimene chamugwetsa, adati, "Ndi mamolo, amalume. Kuno chilichonse chimayambira pamenepo. Kusekondale tidangoloweza malamulo ake. Aphunzitsi adati mutuwo tidzaubwerera, koma sitidaubwerere."

Ndidangoti kukamwa yasa, mpaka iye adafunsa ngati foni yaduka. Mphunzitsi wakeyo ndinkamudziwa bwino. Ndi mnyamata wa mfuko uja, amene adakula nakhala mphunzitsi wakhama, wokondedwa ndi ana. Mawu amene adawauza ana akewo adali anga, sadasinthepo ngakhale limodzi. Dzenje limene ndidalisiya losakwirira mu 1995 lidadikira zaka pafupifupi 30 kuti ligwetse mwana wa pakhomo panga pomwe.

Atabwera kutchuthi ndidamukhazika pakhonde ndi kumuuza zonse. Sadayankhe kanthu, adangoyang'ana pansi monga amachitira mwana woleredwa bwino wamkulu akamadzichotsa ulemu pamaso pake. Tidagwirizana zophunzira limodzi. Iye adali ndi makope ake a kuyunivesite. Ine ndidali ndi chizolowezi chimodzi cha mphunzitsi wa kupulayimale, chosadutsa chinthu mpaka chitaonetsedwa ndi zinthu zogwirika. M'mawa uliwonse tikachoka kumunda tinkayala mkeka, ndipo tidatero kwa milungu isanu.

Tidayambira pa masamu wamba, ndipo manyazi anga achiwiri adandipeza pomwepo. Adandionetsa funso lotere. Mwana wolemera makilogalamu 12 watentha thupi, ndipo afunika mankhwala a paracetamol, aja ambirife timangoti panado. Muyezo wake ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kutanthauza mamiligalamu 180. Mankhwala amadzi a m'botolo ali ndi mamiligalamu 120 m'mamililita 5 alionse. Kodi mwanayo amwe mamililita angati? Iyi ndi samu ya kupulayimale, ndipo yankho lake ndi 7.5. Ndidaseka n'kunena kuti zoterezi ndidaphunzitsa ana mazanamazana. Koma mtsikanayo adati kumene akuphunzirako ukaphonya kadontho kapena ukalemba miligalamu pofunika mililita, funso lonse wataya, ngakhale njira yako ikhale yokongola chotani. Ndidati kumeneko n'kuuma mtima, popeza ine moyo wanga wonse ndinkapereka theka la malikisi kwa mwana wotere, n'kulemba pambali kuti "njira wakhoza, samala kadontho". Iye adangofufuta kadonthoko ndi chala pa pepala. Padatsala 75. Mamililita 75 ndi muyezo uja kuchulukitsa kakhumi, wokwanira kuononga chiwindi cha mwana wa msinkhu umenewo. Mayi amene mwana wake wamwa 75 m'malo mwa 7.5 simungamuuze kuti njira idali yokhoza.

Zidandikumbutsa chaka cha 1971, pamene kwacha ndi tambala zidalowa m'malo mwa mapaundi, mashereni ndi makobiri. Ndidali mwana wa kupulayimale, ndipo aphunzitsi athu adatiphunzitsa kadontho pogwiritsa ntchito ndalama zatsopanozo. Palibe mmodzi wa ife amene adasokonezapo K7.50 ndi K75. Pa ndalama diso la munthu silitaya kadontho. Limakataya pokhapo pamene likuyesa kuti palibe chimene chitayike.

Kenaka tidafika pa mfuko uja. Tidalimbana nawo masiku anayi osaphula kanthu, mpaka ndidayamba kuopa kuti ndikungomutayitsa mwana nthawi. Tsiku lachisanu tidapita kumsika wa Nselema kukagula ndiwo, ndipo tidaima pa mayi wina amene adaunjika tomato asanuasanu ndi mbatata zisanuzisanu. Mtsikanayo adanyamula mulu wa tomato kudzanja lina, mulu wa mbatata kudzanja linalo, naima duu. Kenaka adati, "Amalume, si zimenezi kodi? Chiwerengero n'chimodzi, koma kulemera n'kosiyana." Tidabwerera kunyumba mothamanga, tomatoyo titaiwala kugula.

Nachi chimene ndidalephera kuchiona kwa zaka zonse zija. Zinthu zonse, kaya mchere, shuga, madzi kapena mankhwala, zidapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ngakhale ndi makina aja ounikira malungo kuchipatala. Tinthuti tikamagwira ntchito, m'botolo kapena m'thupi la munthu, timakumana kamodzi ndi kanzake, monga makasu ndi olima: mwini munda amafuna kudziwa kuti makasu alipo angati, osati kuti akulemera bwanji. Tsono popeza palibe amene angatiwerenge ndi chala, akatswiri adagwirizana za mulu umodzi wokhala ndi chiwerengero chosasintha, chimene ndi pafupifupi 6 wotsatidwa ndi maziro 23. Mulu umenewo ndiwo molo. Molo imodzi ya madzi imalemera magalamu 18, ya mchere wa m'ndiwo magalamu 58.5, ya shuga wa gulukosi magalamu 180. Ukadziwa kulemera kwa mulu umodzi, sikelo imasanduka chowerengera, monga m'mene wogulitsa misomali amadziwira chiwerengero chake poiyeza pasikelo osaiwerenga umodziumodzi. Ndidadzamva pambuyo pake kuti muzu wa liwulo uli m'liwu la Chilatini lotanthauza mulu waukulu, osati mfuko ayi. Chichewa chathu chidali ndi yankho pafupi chonchi, ine ndikulifuna m'Chingerezi.

Ndidafuna kuyesa nzeru yatsopanoyi pa chinthu cha m'nyumba, ndipo chidapezeka msanga. Mu Malichi 2022 mliri wa kolera udayambira m'boma lathu lino la Machinga, ndipo pofika mu 2023 udali utafalikira m'dziko lonse ndi kupha anthu oposa 1,700. Kuchokera nthawi imeneyo m'nyumba mwanga simusowa mapaketi a mankhwala a mchere ndi shuga obwezera madzi m'thupi, aja timati Thanzi. Malinga ndi muyezo wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, paketi ya lita imodzi imakhala ndi magalamu 13.5 a gulukosi, magalamu 2.6 a mchere wa m'ndiwo, ndi timichere tina tiwiri pang'onopang'ono. Poyang'ana kulemera ungati shuga ndiye wachuluka kutali. Koma tidagawa 13.5 ndi 180 n'kupeza molo 0.075. Tidawerengeranso sodiyamu, amene ndiye chinthu chofunika cha mumcherewo: wochokera mumchere wa m'ndiwo adakwana 0.044, wochokera mu umodzi wa timichere tina tija pafupifupi 0.030. Pamodzi, pafupifupi 0.075 yomweyo. Zinthu ziwiri zimene pasikelo zimasiyana kwambiri, poziwerenga kamodzikamodzi zidapezeka zolingana. Sizidangochitika mwangozi. Gulukosi ndiye amathandiza sodiyamu kudutsa khoma la matumbo kulowa m'magazi, ndipo madzi amatsatira pambuyo. Akatswiri adapeza kuti ntchitoyi imayenda bwino ziwirizi zikayandikana chiwerengero. Ndidaigwira paketiyo m'manja nthawi yaitali. Nkhalamba ya zaka zoposa 60 idatsala pang'ono kugwetsa misozi chifukwa cha samu yogawa.

Pomwepo ndidamvetsanso chifukwa chake a zaumoyo amalimbikira kuti paketi imodzi ithiridwe mu lita imodzi yathunthu. Nthawi ya mliri ija ndidaona mayi wina woyandikana nafe akusungunula paketi yonse m'kapu, nati akufuna mankhwalawo akhale amphamvu, monga tichitira ndi tiyi. Ndidamuletsa, koma chifukwa chokha chimene ndidali nacho n'chakuti malangizo sakutero. Kapu ya mamililita 250 ndi limodzi mwa magawo anayi a lita, choncho mchere ndi shuga zimakhala zowirikiza kanayi. Aliyense amene adawazapo mchere pa ndiwo zamasamba kapena pa nsomba yaiwisi ya ku Chiuta adaona m'mene mchere umakokera madzi kunja. Madzi a m'kapu aja amachita chimodzimodzi m'matumbo: m'malo mobwezera madzi m'thupi, amakoka ochepa otsalawo, ndipo mwana wofooka kale amafookeratu.

Titagonjetsa mfuko, mitu ina idayamba kutseguka yokha, ndipo tsopano mtsikanayo ndiye ankatsogolera. Adandifunsa ngati ndikukumbuka masamu a logarithm. Ndidati ndikuwakumbuka bwino, pamodzi ndi timabuku tija ta manambala tinkanyamula m'chipinda cha mayeso, koma ndinkayesa kuti adafa makina owerengera atabwera. Iye adati mankhwala sachoka m'thupi monga madzi achokera mu ndowa yobooka, koma amanka natsika ndi theka pa nthawi yofanana. Ngati theka lichoka pa maola atatu alionse, pa 100 patsala 50, kenaka 25, ndipo pakatha maola 9 patsala 12.5. Wofuna kudziwa ola limene mankhwala atsike mpaka kusiya kugwira ntchito ayenera kufunsa logarithm, ndipo m'menemo ndimo muchokera mawu aja akuti "kawiri patsiku" kapena "katatu patsiku", amene ife timawatenga ngati maganizo chabe a dokotala.

Chitsanzo chake chidali LA, mankhwala a malungo amene mwana aliyense wa kwa Nselema amawadziwa. M'piritsi limodzi muli mankhwala awiri: mamiligalamu 20 a artemether ndi mamiligalamu 120 a lumefantrine. Oyambawo amakantha tizilombo mwachangu, koma theka lake limachoka m'thupi m'maola owerengeka. Achiwiriwo ndi odekha. Amakhala m'magazi masiku angapo kusesa totsalira. Munthu amapeza bwino tsiku lachiwiri chifukwa cha oyamba aja, ndiye amasiya kumwa n'kusungira mwana wina mapiritsi otsala, osadziwa kuti osesa aja sadakwane. Chiwerengero cha mapiritsi chimatsata sikelo, osati zaka kapena maonekedwe: mwana wosafika makilogalamu 15 amalandira 6, wosafika 25 amalandira 12, wosafika 35 amalandira 18, ndipo wamkulu amalandira 24, onsewo omwa kawiri patsiku kwa masiku atatu. Ngakhale langizo lija lakuti tizimwa LA titadya chakudya cha mafuta, mkaka kapena ndiwo zotendera, mwini wake ndi Kemisitili: lumefantrine sasungunuka bwino m'madzi koma m'mafuta, ndipo m'mimba mopanda kanthu wambiri amangodutsa.

Za Bayoloje sitidachedwepo, chifukwa mbiri yake ndidaiona ndi maso anga. Ife tidakula ndi kolokwini, wowawa uja, amene ena ankatiyabwitsa thupi usiku wonse. Kenaka adayamba kulephera, ndipo mu 1993 dziko la Malawi lidakhala loyamba mu Africa kumusiya ndi kutenga Fansidar. Naye Fansidar adatopa, ndipo mu 2007 tidalandira LA. Kale ndinkati mankhwalawo ndiwo ankasukuluka. Ayi ndithu, ndi tizilombo timene tinkasintha. Mankhwala akapha tambiri n'kusiya tochepa topirira, totsalato ndito timaswana, ndipo ana ake amabadwa opirira. Muyezo woperewera ndiwo umatiphunzitsa kupirirako. Fizikisi nayo ili ndi mbali yake, makamaka kuno kotentha ngati Machinga ndi Balaka. Kutentha kumafulumizitsa kuonongeka kwa mankhwala. N'chifukwa chake katemera wambiri amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo n'chifukwa chake mapiritsi oyalidwa pathumba padzuwa la mu Okutobala pamsika sindiwakhulupiriranso, ngakhale tsiku lolembedwa pa paketi likhale lisadakwane.

Tsopano ndikhoza kuwayankha agogo aja. M'chinenero chathu liwu lakuti mankhwala ndi limodzi: a kuchipatala ndi mankhwala, opopera thonje ndi mankhwala, ophera makoswe nawonso ndi mankhwala. Makolo athu sadalakwitse posasiyanitsa. Ngakhale bungwe la boma loyang'anira ntchitoyi, lisadalowedwe m'malo ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority mu 2019, dzina lake lidali Pharmacy, Medicines and Poisons Board, mankhwala ndi poizoni m'dzina limodzi. Chosiyanitsa chochiza ndi chopha kawirikawiri ndi muyezo, ndipo munthu wa pazenera uja ndiye womaliza kuuona muyezowo mankhwala asadalowe m'kamwa. Dokotala wotopa akaphonya kadontho, iyeyo ndiye ayenera kukaona. Sangakaone ngati zimene adziwa ndi maina a mankhwala okha, pakuti maina amasintha monga tidaonera ndi kolokwini. Motero ndidasiya kudandaula kuti yunivesite imawachedwetsa ana ndi chaka cha maziko. Mwina chakacho sichikadalemera chotere tikadakhala kuti ife a pansi tidamanga mbali yathu.

Pali zambiri zimene ndingadzikhululukire nazo. Kalasi inkakhala ndi ana oposa 100, buku limodzi, ndipo adandipatsa ntchito imene sindidaiphunzire. Zonsezo n'zoona. Koma sindingabisale m'menemo, chifukwa sukulu ya sekondale yokhala ndi aphunzitsi a digiri sidali kumwamba. Loweruka limodzi lokha, njinga ndi kudzichepetsa pang'ono zikadakwanira. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Phula langa ine adadya ndi ena, ndipo sindidziwa kuti alipo angati amene adafika pa khomo la maphunziro ngati awa nabwerera, kumudzi n'kumanenedwa kuti adakachita zibwana. Inu amene mukuwerenga buku lino muli m'kalasi, mphunzitsi akadzati mutu wakuti tidzaubwerera, mudzalembe tsikulo m'kope, ndipo pakatha milungu iwiri mudzamukumbutse mwaulemu. Mwina waiwaladi. Mwinanso akuopa monga ndinkaopera ine, ndipo funso lanu ndilo lidzamukweze njinga.

Mtsikana uja adalembanso mayeso ake ndipo adakhoza, osati mopambana, koma mokwanira kupitirira. Uthengawo utafika mayi ake adalulutira mpaka anthu adatuluka m'nyumba. Ine ndidavala jekete n'kupita kunyumba kwa mphunzitsi wake uja. Adandilandira ndi manja awiri monga achitira nthawi zonse, nandipatsa mpando wake womwe.

"Aphunzitsi," ndidatero, "ndabwera ndi ngongole yanu ya mu 1995. Mfuko uja ndaugwira."

Adaseka, kenaka adasiya kuseka. "Bambo," adatero, "inetu mutu umenewo ndimaphunzitsa pothawa. Malamulo ake ndimawadziwa, koma mwana akandifunsa chifukwa chake ndimasintha nkhani. Ndinkayesa kuti inu mumaudziwa, nthawi yokha ndiyo inkakuchepani."

Tidakhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa, ndipo tidapempha chilolezo kwa mkulu wa sukulu kuti tizikumana ndi ana a Fomu 3 Loweruka m'mawa. Tsiku loyamba ndidanyamula tomato asanu, mbatata zisanu, paketi ya Thanzi, botolo la lita imodzi, sikelo yobwereka kwa wagolosale, ndi buku langa lija. Adabwera ana 14. Chakumapeto mtsikana wina wa kumbuyo adakweza dzanja nafunsa kuti, popeza tinthuto n'tosaoneka, adatiwerenga ndani kuti apeze 6 wa maziro 23 uja. Ine ndi mphunzitsi mnzanga tidayang'anizana. Ndidamuuza mtsikanayo kuti sindidziwa, ndipo funsolo ndidalilemba ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba loyera lija kuti madzulo ndikamuimbire mwana wa mlongo wanga.